Chakudya cha Wosiyidwa

Mlukamoyo ankagwira ntchito yake mwakachetechete ngati kangaude. Anali makina aakulu, agalasi mbali zonse, odzaza ndi madzi ofunda amtundu wa uchi. M'madzimo munkayenda timikono tachitsulo tochepa kuposa tsitsi, ndipo tinkaluka: poyamba mafupa, kenako mitsempha, kenako mnofu, pomaliza khungu. Anthu a m'chaka cha 2190 anali atazolowera kuona Mlukamoyo akulukira munthu impso yatsopano kapena mwendo. Koma kuluka munthu wathunthu, komanso munthu amene anafa zaka zikwi zisanu ndi zitatu zapitazo, ayi ndithu, zimenezo zinali zachilendo ngakhale kwa iwo amene ankati palibenso chowadabwitsa.

Dokotala Ndaziona Mkwapatira, katswiri wa za anthu akale, ndiye ankakhala pagalasipo tsiku ndi tsiku, chifukwa mayi amene ankalukidwa m'katimo anamupeza ndi iye. Mvula yamphamvu itagumula mbali ina ya phiri la Kamphanga ku Dedza, panaoneka phanga limene pakamwa pake panatsekeka ndi miyala kalekale. M'katimo munali mouma komanso mwamchere, kotero thupi la mayiyo silinaole, linangouma ngati mfutso. Ubongo nawo unauma bwinobwino, tinjira take tonse tili m'malo mwake, tinjira timene munthu amasungamo zimene anaona, zimene anamva ndi mawu a chinenero chake. Makina anawerenga tinjirato kamodzikamodzi, ndipo Mlukamoyo ankangokopera.

Mayiyo anali mmodzi wa anthu aja makolo athu ankawatchula kuti Akafula, osaka nyama ndi otola zipatso, amene ankakhala m'mapiri muno khasu lisanafike. Mwendo wake wamanzere unali wothyoka. Pambali pake panali chigoba cha fulu chodzaza ndi nyama yowamba ndi mipama yootcha, zosakhudzidwa n'komwe. Kunja, patsinde pa miyala yotseka phangalo, panali mulu wa miyala yoboola pakati, ija ankavekera mitengo yokumbira kuti ilemere, yambiri ili yosweka. Ndaziona analemba kuti chigobacho chinali nsembe yoperekeza wakufa, ndipo muluwo linali dzala chabe. Anthu ophunzira anamuombera m'manja.

Tsiku limene madzi anachotsedwa, mayiyo anatsokomola n'kutsegula maso. Pulofesa Chimkwende, mkulu wa Nyumba ya Zakale, analephera kudzigwira ndi chimwemwe.

"Ha! Wapuma, a Dokotala, wapuma! Tiyeni timve ngati afunse funso lija la Akafula a m'nthano, loti mwandionera pati."

Koma sanafunse kanthu. Anasisita mwendo wake wamanzere, n'kuupeza uli wabwino. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumbuyo kwake. Ndaziona anazindikira kuti mayiyo sakuyang'ana zinthu ayi, akufunafuna anthu.

Anamuika m'chipinda chotsekedwa chimene anachikonza ngati phanga, muli mchenga, miyala, kakasupe ka madzi ndi moto wa magetsi. Khoma limodzi linali la galasi. Mpweya wolowa m'menemo unkasefedwa, popeza magazi a mayiyo sankadziwa matenda a masiku ano, ndipo ngakhale chimfine chikanatha kumupha. Munthu sankaloledwa kulowamo. Wolowamo anali kalinde yekha.

Tsono kalinde ameneyu aliyense anali naye kwawo. Anali loboti yoyenda pa mateyala, ya manja awiri ofewa, ndipo ntchito yake yaikulu inali kupereka chakudya cha muyeso. Munthu aliyense ankavala chibangili chowerenga magazi ake, ndipo makina ophika ankamukonzera mbale yakeyake, muli zakudya ndi mankhwala oyenera thupi lake lokha. Muyeso unathetsa shuga, unathetsa kuthamanga kwa magazi, anthu n'kumafika zaka zana ali ndi mano awo. Koma mbale ya wina inkatha kudwalitsa wina, choncho kugawana chakudya kunayamba kuoneka ngati uve, kenako kunaiwalika. Aliyense ankadya yekha, nthawi yake, pamalo pake.

Kalinde analowa ndi mbale, n'kuiika pansi pafupi ndi mayiyo, n'kutembenuka, n'kutuluka osacheuka. Kalinde sacheuka; nanga khosi anamupangira ndani? Mayiyo anayang'ana mbale ija, n'kuyang'ana msana wa kalinde mpaka chitseko chinatsekeka. Anatulutsa kamawu kotsika kochokera pansi pa chifuwa, n'kutembenukira kukhoma. Sanadye.

Omusamalira anayesa zonse. Anamukonzera nyama ya gwape, uchi wa m'zisa zake, masuku, ngumbi, mipama yootcha paphulusa lenileni. Mbale zinkalowa zodzaza n'kutuluka zodzaza. Mayiyo ankamwa madzi okha pakasupe paja. Nthiti zitayamba kuoneka, madokotala anamugoneka tulo ndi mankhwala n'kumulowetsa chubu m'mphuno. Atadzuka anachizula chubucho, magazi chuchuchu, ndipo anayang'ana pagalasi ndi maso amene Ndaziona sanawaiwale. M'khoma munali Mtanthauzi, makina amene anaphunzira chinenero cha mayiyo kuchokera m'tinjira tija, ndipo m'mawa uliwonse Ndaziona ankapereka moni kudzera m'menemo. Yankho linali zii.

Zinamupweteka Ndaziona, ndipo si chifukwa cha ntchito yokha. Iye mwini analibe womudikira. Ankakhala m'nyumba ina yosanja ku Lilongwe, pamwamba kwambiri, ndipo woyandikana naye, mkulu wina dzina lake a Zuze, ankamudziwa ndi dzina lolembedwa pachitseko komanso chifuwa chomveka kukhoma. Mwana mmodzi yekhayo wa Ndaziona, Sautso, anapita ku migodi ya ku Mwezi, ndipo uthenga wake uliwonse unkathera pa mawu amodzimodzi: ndibwera chaka cha mawa, amayi. Ndiye kunyumba akathamangire chiyani? Anayamba kumangokhala pagalasi paja, ngakhale nthawi ya nkhomaliro.

Tsiku lina masana kalinde wa Ndaziona anamutsatira komweko. Anaika mbale yake pakatebulo, n'kutembenuka, n'kumapita. Ndaziona anatola supuni osaganiza kanthu. Atakweza maso anapeza mayi uja wakwawa mpaka pagalasi, zikhatho zonse ziwiri wazitsamiza pamenepo.

"Nawenso?"

Ndaziona anatsamwa. Mawu anatulukira mwa Mtanthauzi, koma milomo imene inagwedezeka inali ya mayiyo.

"Amayi, mwalankhula?"

"Miyendo yako ndi yabwino. Ndakuona ukuyenda. Nanga akusiyiranji?"

"Palibe wandisiya, amayi. Ndikungodya."

"Wakuikira pansi. Wapita osacheuka. Ndipo iwe wadya." Mayiyo anapukusa mutu mwachisoni. "Wadya msanga chonchi? Sunawadikire n'komwe?"

Ndaziona anaika supuni pansi pang'onopang'ono. Anafunsa dzina. Linkayamba ndi kaphokoso ka m'kamwa kamene iye sanakathe, koma chapafupi chinali Tekhwa. Kenako anapempha kuti amufotokozere, poti iye ndi mbuli pa zimenezi.

"Ndaona kuti ndiwe mbuli," anatero Tekhwa, osati mwachipongwe. Mawu ake anali ofooka. "Kwathu chakudya sichikhudza pansi pakati pa anthu awiri. Chimene ndakumba ine sindidya ine. Ndimaluma pang'ono kuti uone kuti n'chabwino, n'kukuika m'dzanja. Iwenso chimene wapha umaluma n'kundiika m'dzanja. Ngakhale wopha ntchefu amakhala chete ngati sanaphe kanthu, kudikira kuti wina amuike m'dzanja nyama yake yomweyo. Pansi timaikira munthu mmodzi yekha."

"Ndani?"

"Wosiyidwa."

Ndipo anafotokoza, akupumira m'njira. Chaka chimenecho mvula inakana. Zitsime zinauma, nyama zinathawa, ndipo anthu ake anagwirizana zosamukira ku dambo lina lakutali. Iye anagwa mumtengo akufula uchi, mwendo n'kuthyoka. Anamunyamula mosinthana mpaka mapewa anatupa, ana akulira ludzu. Atafika paphanga lija aliyense anadziwa choyenera kuchitika, ndipo palibe anachitchula. Mwana wake wamkazi, Tsuwi, ndiye anadzaza chigoba cha fulu, n'kuchiika pansi, n'kutuluka osacheuka, pakuti wocheuka sangathenso kupita.

"Ukadya chakudya chimenecho, wawauza kuti pitani, musabwerere, ndakumasulani. Ukapanda kudya, ukuti ndikudikira. Ine sindinadye. Tsuwi anandinong'oneza kuti mvula ikagwa abwera. Kenako nthaka inagwedezeka, miyala inagwa, kunada." Analoza chitseko. "Ndadzuka, ndipo chinthu chanu chosacheukachi chikundisiya m'mawa, chikundisiya masana, chikundisiya madzulo. Kodi munthu amasiyidwa kangati?"

Ndaziona anathamangira kwa Pulofesa, misozi ili m'maso. Kunena zoona, a Chimkwende sanali munthu wouma mtima. Tsiku lomwelo analamula kuti kalinde azipereka chakudya m'dzanja. Tekhwa ananunkhiza dzanja la lobotilo n'kulikankha. "Ili si dzanja. Ndipo silinalume." Mawa lake Ndaziona analowa atavala chovala chotchinga thupi lonse, mutu uli m'chigoba cha galasi. Tekhwa anathawira pakona. "Nkhope yako ili kuti? Uluma ndi chiyani?" Ndaziona anatuluka mbale ili chidzazire.

"Ndilowa wopanda chovala," anatero Ndaziona mu ofesi ya Pulofesa.

"Zimenezo ayi, a Dokotala. Mpweya wanu wokha ukhoza kumupha. Timugoneka tulo tatitali, tizimudyetsa ndi machubu mpaka titapeza katemera womuyenera."

"Mpaka liti?"

"Mwina zaka. Koma adzakhala ndi moyo."

"Madokotala akuti mtima wake wafooka, mwina sangadzukenso. Ndipo akadzuka, adzadzuka atasiyidwanso."

Pulofesa anavula magalasi n'kutikita maso. "Inu mukuona ngati ine sizikundikhudza? Ndi yekhayo, mayi. Pa dziko lonse lapansi palibenso wina wa mtundu wake. Mukalowa n'kumupatsira matenda, mudzakhala nacho chimenecho moyo wanu wonse."

"Ndikapanda kulowa ndidzakhala nachonso."

"Ndakana. Mawa masana timugoneka."

Mawa lake m'mawa Ndaziona anasamba mankhwala onse ophera tizilombo amene analipo, anatsuka m'kamwa ndi m'mphuno mpaka kuwawa. Ankadziwa kuti sizokwanira, ndipo ankaopa. Chitseko cha chipindacho chinkadziwa chala chake, popeza woyang'anira chipindacho anali iye. Chinatseguka, n'kudzitseka kumbuyo kwake, belu likulira nyumba yonse. Lamulo linali lakuti wolowa chonchi satuluka mpaka madokotala atalola, koma iye za kutuluka sankaziganiza.

Tekhwa anali chigonere pamchenga. Ndaziona anagwada pambali pake, anatola mpama wootcha m'mbale ya m'mawa umenewo, anauluma, anatafuna kuti Tekhwa aone. Kenako anatenga dzanja lake, lopepuka komanso lozizira, n'kuikamo chotsalacho.

Tekhwa anayang'ana mpamawo nthawi yaitali. Anagwira tsaya la Ndaziona, anatsina pang'ono, ngati wofuna kutsimikiza kuti ndi khungu. Ndipo anadya. Anadya pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'makutu. Atameza anatambasula dzanja n'kutola suku m'mbale muja, analiboola ndi mano, anayamwa pang'ono, n'kuliika m'dzanja la Ndaziona.

Chibangili chinayamba kulira. "Chenjezo. Ichi si chakudya cha muyeso wanu." Ndaziona anachivula n'kuchiponya pakona. Sukulo linali lonyowa ndi malovu a munthu wina, ndipo ana a sukulu a masiku ano akanasanza pongoliona. Iye analidya lonse. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene analandira chakudya kuchokera m'dzanja la munthu, koma sanalipeze, ndipo analira mokweza ngati pamaliro. Kuseri kwa galasi Pulofesa anaimirira ndwii, kenako anauza anthu kuti azimitse belu.

Masiku otsatira anali okoma, tisaname. Tekhwa anayamba kubwerera m'thupi, ndipo mphamvu zitabwera zinabwera ndi pakamwa. Moto wa magetsi uja anauseka mpaka kugwira nthiti. "Moto wosaotcha? Koma anthu inu! Ndiye fisi mumamuopseza ndi chiyani?" Anapempha luzi n'kuphunzitsa Ndaziona kupota chingwe pantchafu, ndipo chingwe cha Ndaziona chikaduka ankamuwomba paphewa. "Wamtali chonchi, osadziwa kupota, osadziwa kukumba. Anakulera ndani iwe? Kwathu ukanakwatiwa ndi nyani."

Ankasimba za kwawo. Anali mabanja ochepa, misasa yaudzu yoyang'anizana, makomo onse kuloza pamoto. Akazi ankatuluka mame asanaume, mitengo yokumbira paphewa, ana kumsana m'zikopa, ndipo dzuwa likafika pamutu anali atabwerako ndi mipama, nkhono, mazira ndi zipatso. Amuna ankatha kulondola nyama yolasidwa mpaka kugona kutchire, n'kubwera chimanjamanja, akazi n'kuwaimba nyimbo yowaseka, komabe n'kuwaika chakudya m'manja. Mfumu kunalibe. Wodzitama ankasekedwa mpaka atasiya. Masana onse anali ocheza, kusakana nsabwe, kusongola mivi, kukangana za amene anayamba kumva mbalame yolondolera uchi. Pogona ankagundanitsa misana, ndipo Tekhwa sankagona mpaka Ndaziona atabweretsa msana wake.

Tsiku lina Tekhwa anafunsa za kwawo kwa Ndaziona. Ndaziona anamuuza za mzinda wa anthu ochuluka kuposa ngumbi, za nyumba zofika m'mitambo, za Sautso amene ali ku Mwezi. Za Mwezi Tekhwa sanazikhulupirire, anangoti bodza lina n'lokoma. Chimene chinamugwira chinali china.

"Anthu onsewo amadya pansi?"

"Onse."

"Ana omwe?"

"Akangosiya kuyamwa."

"Mtundu wonse unasiyidwa," anatero Tekhwa motsitsa. "Anakusiyani ndani?"



Chakudza sichiimba ng'oma. Ndaziona anangomva kukhosi kukuyabwa pang'ono, kanthu koti munthu wa masiku ano sangakatchule n'komwe. Posakhalitsa Tekhwa anayetsemula, n'kuseka, poti sanadziwe kuti n'chiyani. Kenako thupi linatentha, kenako chifuwa chinayamba kulira ngati muli madzi. Madokotala anatumiza mankhwala pambuyo pa mankhwala, Ndaziona akumumwetsa ndi dzanja lake, koma magazi akalewo sankadziwa kumenyana ndi mdani ameneyu. Pulofesa ankabwera pagalasi m'mawa uliwonse. Sananene kuti ndinakuuzani. Ankangofunsa ngati pali chimene angatumize, ndipo zimenezo zinkamupweteka Ndaziona kuposa kukalipidwa.

"Ndakupha ndine," anatero Ndaziona akumupukuta thukuta. "Matendawa ndabwera nawo ndine."

"Wandidyetsa ndiwe," anayankha Tekhwa. "Usasokoneze zinthu." Anapumira. "Tandiuza zoona tsopano. Mvula inagwa?"

Ndaziona anali akuliopa funso limeneli chilowere m'chipindamo. "Inagwa. Inagwa n'kugwanso, zaka zochuluka kuposa masamba a mumtengo. Anthu ako onse anapita kalekale, Tekhwa. Adzukulu a adzukulu awo nawonso anapita."

Tekhwa sanalire. Anangotembenukira kukhoma monga anachitira tsiku loyamba lija. "Ndiye Tsuwi sanabwere."

Pamenepo m'pamene Ndaziona anakumbukira dzala lake lija. Anaimirira mofulumira mpaka chizungulire, n'kumenya galasi ndi chikhatho. "A Pulofesa, miyala yoboola ija, imene inali kunja kwa phanga. Nditumizireni yonse."

Kalinde anabwera nayo mudengu. Ndaziona anadzutsa Tekhwa, anamutsamiza pachifuwa pake, n'kumamuika miyalayo m'manja umodziumodzi. Zala za Tekhwa zinkayenda pa uliwonse. Mwadzidzidzi zinaima pa chibenthu cha mwala wofiirira, chokhala ndi kamzere kozokotedwa m'mphepete mwa bowo.

"Uwu ndinaboola ndine," anatero. "Ndinamupatsa Tsuwi atatha msinkhu. Munaupeza kuti?"

"Kunja. Patsinde pa miyala imene inatseka phanga. Yonseyi inali pamodzi."

Tekhwa anayambanso kuigwira, tsopano mwachangu, akutchula mayina. Uwu wa mng'ono wake. Uwu wa mkazi wa mlongo wake, waulesi uja. Uwu wa nkhalamba ina imene ankakangana nayo tsiku lililonse. Mwala wokumbira, anatero, munthu sautaya, amafa nawo. Ndipo susweka pokumba mipama.

"Anabwera," anatero. "Anabwera onse. Anakumba mpaka miyala kusweka."

Anaugwira mwalawo pachifuwa nthawi yaitali, akutsokomola, akumwetulira. Kenako anati, "Ndiikire chakudya pansi."

"Ayi! Ine sindikusiya."

"Si za iwe, mbuli iwe. Ndi za Tsuwi. Wakumba mokwanira mwana uja."

Ndaziona anatenga mpama n'kuuika pamchenga. Tekhwa anawerama yekha, anautola, analuma kachidutswa, anatafuna mpaka kumeza. "Pita, mwana wanga," anatero. "Usabwererenso. Ndakumasula." Chotsalacho anachiluma kachiwiri, anafunafuna dzanja la Ndaziona, n'kuchiika m'menemo, n'kupinda zala zake pamwamba. "Koma iwe usadzadyenso pansi. Wamva?"

Tekhwa anamwalira mawa lake dzuwa lili pamutu, msana wake uli pamsana wa Ndaziona. Ndaziona anamva kutentha kukuchoka pang'onopang'ono, ndipo sanasunthe mpaka kutatheratu.

Ntchito inamuthera, ndipo sanadandaule kwa aliyense. Ena anati Mlukamoyo alipo, tinjira tija tinasungidwa, bwanji osamulukanso? Anakana ndi Pulofesa mwiniwake. "Timudzutsenso kuti adzakhale ndi yani?" Makina aja anabwerera ku ntchito yawo ya impso ndi miyendo.

Madokotala atamulola kutuluka, Ndaziona anakwera sitima kubwerera ku Lilongwe. M'nyumba munali mwaukhondo, mwa zii. Pakhoma panali uthenga wa Sautso, ndipo unathera pomwe unkathera nthawi zonse. Anakhala patebulo. Kalinde wake anabwera ndi mbale ya muyeso, anaiika patsogolo pake, anatembenuka, n'kumapita osacheuka.

Ndaziona anayang'ana msana wa kalinde mpaka unalowa kukhitchini. Anayang'ana mbale. Njala inalipo ndithu, koma dzanja linakana kunyamuka. Zaka zonsezi wakhala akudya chakudya chimenechi katatu patsiku, kumasula aliyense, kuuza aliyense kuti pitani, musabwerere. Kukhoma kunamveka chifuwa chija.

Anatsika kupita kumsika wa pansi pa nyumbayo, kumene ankagulitsa zipatso zokongoletsera m'nyumba, n'kugula nthochi imodzi yopanda mankhwala a munthu aliyense. Anakwera, anaima pachitseko cha a Zuze, n'kugogoda ndi dzanja. Patapita kanthawi, kabokosi ka pachitseko kanalankhula.

"Ndani? Belu lawonongeka kodi?"

"Ndine Ndaziona, bambo, wa khomo loyandikana nanu. Ndabwera ndi nthochi. Ndimati tigawane."

"Tigawane?" Mawuwo anali a munthu wokalamba, wodabwa komanso wamantha. "Mayi, mwadwala? Ndikuitanireni kalinde wa chipatala?"

"Sindinadwale. Ndiluma ine poyamba kuti muone kuti n'njabwino, kenako ndikuikani m'dzanja. Inunso mulume, mundiike m'dzanja. Ndikapanda kutero sindidya, bambo, ndipo njala yandipweteka."

Ndaziona anasenda nthochi ija, analuma, n'kutambasula dzanja kuloza chitseko chotseka. M'khonde lalitalilo munali zitseko zambirimbiri zofanana, ndipo makalinde ankadutsa ndi mbale zawo, aliyense kulowa khomo lake n'kutuluka. Mkono unayamba kulema. Anauchirikiza ndi dzanja linalo, ndipo anachita manyazi, mayi wamkulu kuima pakhomo la eni ndi nthochi yolumidwa. Komabe sanautsitse.

"Mwati m'dzanja?" mawu aja anabweranso, tsopano otsika kwambiri. "Omaliza kundiika chakudya m'dzanja anali amayi anga. Ndinali ndisanayambe sukulu."

Loko analira. Chitseko chinatseguka pang'ono chabe, ndipo pampatapo panatuluka dzanja lokwinyika, chikhatho chili m'mwamba.

Mlukamoyo anamangidwa kuti adzutse munthu mmodzi wakale amene anasiyidwa m'phanga, koma palibe anaganiza kuti wakaleyo ndiye adzatipeze ife tili m'mapanga athu, aliyense ndi chigoba chake pansi, titaiwala n'komwe kuti tinali kudikira munthu.